Mphenzi Atsika Minibasi

1. Lachitatu la achimwene

Kusukulu aliyense ankamutchula kuti Mphenzi. Dzinali anamupatsa ndi aphunzitsi a zamasewera tsiku limene anathamanga n'kusiya anzake onse akumeza fumbi. Ngakhale kunyumba dzina lake lenileni linali litayamba kuiwalika.

Koma bambo ake anali asanamuonepo akuthamanga. Iwo anali owotcherera zitsulo, ndipo shedi yawo inali kuseri kwa nyumba. Kuyambira m'mawa mpaka madzulo kunkangomveka kulira kwa makina odulira zitsulo. Amayi ankagwira ntchito kutali ndipo ankabwera mwezi ukatha. Mphenzi akapempha bambo ake kuti akamuonerere kubwalo, yankho linali limodzimodzi.

"Mwana wanga, mageti a eni ake sadziwotcherera okha."

Komatu Lachitatu lililonse masana shediyo inkatsekedwa. Bambo ankavula ovolosi, kusamba, kuvala shati yosita, n'kuperekeza mchimwene wake wa Mphenzi kuchipatala.

Mnyamatayu anali mu Folomu 4, wamtali, wofatsa, wanzeru m'kalasi. Vuto lake linayamba tsiku lina ali m'minibasi yodzaza. Mwadzidzidzi mtima unayamba kugunda ngati ukufuna kutulukira pakamwa. Mpweya unamuperewera, thukuta lili kamukamu, ndipo anakuwa kuti akufa. Kuchipatala anamuyeza mtima, magazi ndi chifuwa, osapeza kanthu. Adokotala anati ndi matenda a nkhawa, n'kumutumiza kwa mayi wina, mlangizi wa zamaganizo.

Kuyambira pamenepo ankaopa minibasi ngati njoka. Kusukulu ankapita wapansi. Kumsika anasiya kupondako. Pa asembule ankaima kumapeto kwa mzere, pafupi ndi geti.

Mphenzi sankamvetsa. Munthu wathunthu, akudya bwinobwino mpaka kupempha zina, ndiye akuti akudwala? Madzulo a Lachitatu ankasuzumira pawindo n'kuwaona awiriwo akubwerera, bambo atayika dzanja paphewa pa mnyamatayo, akuseka. Mendulo imene iye anapambana chaka chatha bambo anangoikoleka pamsomali m'shedi, pakati pa masipanala, ndipo inali itada ndi utsi.

2. Geti la mwini wake

Lachitatu lina Mphenzi anabwera kusukulu akuthamanga kuti adzatenge nsapato zake. Masana amenewo aphunzitsi ankasankha atsikana okaimira sukulu pa mpikisano waukulu.

Anapeza bambo akadali mu ovolosi. Pakhomo pa shedi panali pataima galimoto, mwini wake akuyendayenda uku akuyang'ana wotchi. Geti lake linali lisanathe.

"Mphenzi, tabwera kuno," anatero bambo, akukankhira magalasi akuda pamphumi. "Lero achimwene ako uwaperekeza ndiwe."

"Ine? Bambo, lero akusankha timu!"

"Miyendo yako sithawa, idzathamanga tsiku lina. Tamvera bwino, chifukwa sindibwereza. Alangizi aja sabaya jakisoni ayi. Amakhala naye pansi, kumufunsa, kumuphunzitsa. Poyamba tinkangopita pasiteji kukaima, kuonerera maminibasi akubwera ndi kupita, mpaka miyendo yake itasiya kunjenjemera. Kenako tinkakwera n'kutsika pasiteji yotsatira, kwinako wapansi. Pang'onopang'ono mtunda unkatalika. Lero ndi tsiku loti akwere mpaka pageti pa chipatala. Ntchito yako ndi yochepa. Ukhale pambali pake. Usamufunse mafunso ambirimbiri. Akayamba kutuluka thukuta usakuwe, usaimitse dalaivala, iye akudziwa chochita. Koma chinthu chimodzi ichi usaiwale: usamusiye yekha. Wamva?"

"Chikhala kuti othamangawo ndi achimwene, getili likanadikira," Mphenzi anayankhulira m'mano.

"Wati chiyani?"

"Palibe, bambo."

Analowa m'nyumba, nsapato zothamangira n'kuziponya m'chikwama. Mchimwene wake anali atakonzeka kale, ataima pakhonde, akupukuta zikhatho pa thalauza.

3. Nthabwala za bambo

Minibasi inadzaza msanga. Mnyamatayo anakhala kuwindo, Mphenzi pambali pake, ndipo kutsogolo kwawo kunali mayi wina wonyamula dengu la anapiye olira. Kondakitala atatseka chitseko, nkhope ya mnyamatayo inasintha.

Anayika dzanja pamimba. Anakoka mpweya m'mphuno, n'kuutulutsa pang'onopang'ono pakamwa ngati akuziziritsa tiyi. Milomo yake inkagwedezeka.

"Mukupemphera?" anafunsa Mphenzi.

"Ayi. Ndikutchula zimene ndikuona. Njinga yofiira. Galu. Mayi wa ambulera. Alangizi anati maganizo akamathawira ku zoopsa, ndiziwabweza pano pamene ndili."

"Anthu akukuonanitu."

"Andione, mlongo wanga. Kale ndinkaopa zimenezo kuposa imfa."

Minibasi inayenda kanthawi. Kenako mnyamatayo anamwetulira, ngakhale pamphumi panali ponyowa.

"Tikafika pa mlatho uwu bambo amayamba nthabwala zawo. Anakuuzapo za kasitomala amene anaitanitsa zitsulo za pawindo zothina kwambiri, kenako makiyi atatayika anagona panja pa nyumba yake yomwe?"

"Bambo amadziwa nthabwala?"

"Iii, zambirimbiri! Amatsanzira ndi mayendedwe omwe. Tsiku lina anandiuzanso mmene anakumanirana ndi amayi. Ukudziwa kuti ali mnyamata ankaimba gitala?"

Mphenzi anatembenukira kumbali. Kwa iye bambo anali munthu wa mawu atatu: wasesa, waphika, wawerenga. Koma kwa achimwene anali ndi nthabwala, gitala ndi shati yosita.

Minibasi inakhota, ndipo bwalo la masewera linaonekera. Atsikana anzake anali atavala kale mayunifolomu, akudumphadumpha. Aphunzitsi anali ndi kherere pakamwa.

"Otsika pabwalo!" anakuwa kondakitala.

"Ndilipo!" anayankha Mphenzi.

Mchimwene wake anamugwira dzanja. Chikhatho chake chinali chozizira.

"Mphenzi, chonde. Kwatsala pang'ono."

"Si mwachira inu? Pitirizani kuwerenga agalu. Mukasowa wocheza naye, muuze kondakitalayu nthabwala za bambo anu."

Anasolola dzanja lake n'kutsika. Chitseko chinatsekeka. Sanacheuke kuti aone nkhope imene inali pawindo.

4. Kachipinda ka mipando itatu

Tsiku limenelo Mphenzi anathamanga ngati akuthamangitsidwa. Palibe amene anamuyandikira. Aphunzitsi anamumenya pamsana momuyamikira n'kunena kuti iye ndiye mtsogoleri wa timu.

Kumpanda kunali makolo angapo. Mtsikana amene anafika kumapeto kwenikweni ananyamulidwa ndi bambo ake ngati wapambana ndi iye. Mphenzi anayang'ana kumbali. Chimwemwe chake chinazima ngati machesi pamphepo, ndipo m'malo mwake munabwera mantha atakumbukira mchimwene wake. Anavula nsapato zothamangira, kuvala za kusukulu, n'kuuyamba ulendo wa kuchipatala, akuyang'ana mbali zonse za msewu.

Mlonda wa pageti anamulozera kachipinda ka kumapeto kwa khonde. Anagogoda mwamantha. Chitseko chinatsegulidwa ndi mayi wamfupi wa magalasi, imvi zili apo ndi apo.

"Ndiwe Mphenzi eti? Lowa, mpando ulipo."

M'chipindamo munalibe bedi kapena mabotolo a mankhwala. Munali mipando itatu, katebulo, jagi ya madzi ndi duwa m'chitini. Mchimwene wake anali atakhala pamenepo, shati itamatirira kumsana ndi thukuta.

"Pitiriza, mwana wanga," alangizi anauza mnyamatayo. "Mlongo wako amve nawo."

"Atangotsika, zinabwera zonse pakamodzi," anatero iye, maso ali pansi. "Mtima, mpweya, chizungulire. Ndinapirira pang'ono, kenako ndinatsika pa sitolo ya utoto ija n'kukhala pakhonde. Anthu anandizungulira. Wina akuti ndi khunyu, wina akuti ndasuta chamba, mayi wina akufuna kundithira madzi. Ndinawapempha kuti angondipatsa mpata. Ndinapuma monga munandiphunzitsira. Maganizo ankati, lero ndiye ukufa. Ine n'kuwafunsa kuti, kodi si momwe munaneneranso ulendo watha? Nanga ndinafa? Patapita nthawi mtima unabwerera m'malo mwake."

"Kenako unabwera wapansi?"

"Ndinafuna kutero. Koma ndinadziwa kuti ndikayenda wapansi, mawa mantha adzakula. Ndinakwera minibasi ina."

"Wekha?"

"Ndekha."

Alangizi anaimirira n'kumugwira chanza ndi manja awiri. Apa Mphenzi analephera kudzigwira.

"Ine ndapambana atsikana onse lero, palibe wondigwira chanza! Iwo angokwera minibasi, chinthu chimene ngakhale anapiye amachita!"

Mayi aja anaseka pang'ono, n'kumuthirira madzi m'kapu.

"Imwa kaye. Tsono ndikufunse. Ukamaima pamzere kudikira kherere, mtima wako umatani?"

"Umagunda kwambiri."

"Manja?"

"Amatuluka thukuta."

"Ndi bwino choncho. Thupi limakhala likukonzekera liwiro. Aliyense ali ndi belu m'thupi mwake lomuchenjeza pakakhala zoopsa. Lako limalira pa nthawi yake, ukathamanga limasiya. La achimwene akowa limalira popanda moto, popanda wakuba, m'minibasi, m'kalasi, ndipo limalira mokweza kuposa lako. Si ulesi, si kudzikonda, si misala. Ndi matenda, ndipo amathandizika. Ine sindingalichotse belulo, chifukwa munthu wopanda mantha konse angapondedwe ndi galimoto. Chimene timachita m'chipinda muno ndi kuphunzira kulimva likulira osathawa, kufunsa maganizo ngati akunena zoona, ndi kubwerera pang'onopang'ono kumalo amene tinkawaopa. Ena timawathandiza ndi kukambirana kokha, ena adokotala amawawonjezera mankhwala. Iwe umapita kubwalo kukalimbitsa miyendo, iwowa amabwera kuno kudzalimbitsa mtima."

Mphenzi anangoyang'ana m'kapu.

"Koma usanamizike," anapitiriza alangizi, mawu atalimba. "Zathera bwino lero chifukwa cha khama lawo, osati chifukwa iwe unachita bwino. Zikanatha kuwabwezera m'mbuyo mpaka poyambira. Munthu amene akuphunzira kusambira sitimukankhira pakuya kuti tione ngati waphunzira. Ndipo chimene wanena chija ndachimva. Pakhomo pakakhala wodwala, wathanzi amasanduka mpando, anthu amangomudutsa. Zimawawa, ndikudziwa. Bambo ako unawauzapo?"

"Samva."

"Unawauza, kapena unawamenyetsera zitseko? Ndi zinthu ziwiri zosiyanatu zimenezo."

Mchimwene wake anaseka mobisa. Mphenzi anamuponyera diso loipa.

Pobwerera anakwera minibasi limodzi. Mnyamatayo anawerenga njinga ndi agalu ake, Mphenzi akungoyang'ana kutsogolo.

5. Kuwala kwa m'shedi

Anafika dzuwa likulowa. Geti linali litatengedwa, ndipo bambo ankakulunga mawaya.

"Mwayendako bwanji?"

"Ndafika pachipatala pa minibasi, bambo," anatero mnyamatayo. "Chigawo chomaliza ndinali ndekha. Tinagwirizana ndi Mphenzi kuti atsikire panjira."

Bambo anaponya mawaya pansi.

"Wekha? Iwe? Bwera kuno!" Anamukumbatira ndi manja amafuta omwewo, osasamala za shati. "Amayi ako amve zimenezi lero lomwe! Foni yanga ili kuti? Mwana wamwamuna uyu!"

Mphenzi anaima pakhomo pa shedi, chikwama chili kumsana. Anadikira kuti afunsidwe za kubwalo. Bambo ankangosakasaka foni m'matumba.

"Sitinagwirizane!" anakuwa. "Akunama! Anandigwira dzanja kundichonderera, ine ndinawasiya dala! Ndinkafuna azione! Inu mumatseka shedi chifukwa cha iwo, mumawauza nthabwala, mumawauza za gitala. Ine ndine wa tsache basi! Kodi ndiyambe kudwala kuti mundione?"

Bambo anauza mnyamatayo kuti alowe m'nyumba. Kenako anatembenuza chidebe chopanda kanthu n'kuloza Mphenzi kuti akhalepo. Iwo anakhala pa benchi, n'kutenga magalasi akuda aja.

"Ukudziwa chifukwa chimene ndimakuletsera kuyang'ana ndikamawotcherera? Kuwala kuja n'kokongola. Ukamakuyang'ana suona vuto, umapita kukasewera bwinobwino. Koma ukagona ndi pomwe maso amayamba kuwawa ngati wina wathiramo mchenga. Nsanje ndi choncho, mwana wanga. Umayang'anitsitsa zimene mnzako walandira, n'kumaganiza kuti sukupweteka. Mapeto ake suonanso. Lero sunaone mchimwene wako, unaona mdani. Ukanatani akanatsika mothamanga n'kulowa mumsewu? Ukanandiuza chiyani ine? Amayi ako ukanawauza chiyani? Mpikisano umabweranso chaka chamawa, koma mbale wako sagulidwa kusitolo. Chibale ndi fupa, sichiola, koma chimathyoka, ndipo chikathyoka makina anga awa sangachilumikize. Ukusirira Lachitatu lake. Kodi ungasirirenso masiku amene amadzuka m'mawa n'kusanza chifukwa choopa kutuluka pakhomo? Ukufuna shati yosita yokha, kapena ndi matenda omwe? Zimabwera pamodzitu."

Misozi inayamba kutsika. Mphenzi anaipukuta ndi mkono.

Bambo anatembenuza magalasi aja m'manja.

"Koma ndisakunamize, pena walasa. Ntchito yangayi inandiphunzitsa kuthamangira chitsulo chimene chasweka. Cholimba ndimangochitsamiritsa kukhoma, ndimati chidzisamala chokha. Ndaiwala kuti nachonso chimachita dzimbiri. Pamenepo ndalakwa ndine." Anakhosomola. "Tsono kubwaloko zinatha bwanji?"

"Ndapambana."

"Onse?"

"Onse. Andisankha kukhala mtsogoleri."

"Ndi miyendo ya amayi ako imeneyo. Ine ndikathamanga ndi pokhapokha galu ali m'mbuyo."

Mphenzi anafuna kuseka, koma anadziletsa.

"Pa mpikisano waukuluwo ndidzatseka shedi," anatero bambo. "Koma chilango chilipo. Loweruka sukupita kokacheza, ukhala muno kupala dzimbiri pa mapaipi awa. Ndipo usanagone ukapepese kwa achimwene ako. Osati kupepesa kwa pamwamba pa mlomo."

Anakapepesa ataima pakhomo pa chipinda, maso ali kudenga. Mchimwene wake anangoti, "Zatha, mlongo wanga." Kufatsa kwakeko kunamuwawa Mphenzi kuposa kukalipiridwa. Ndipo atamva bambo pafoni akuyamba ndi nkhani ya minibasi, yake n'kubwera pambuyo, nsanje ija inabwereranso, ngakhale inali itachepa.

6. Wailesi

M'mawa mwake Mphenzi anachedwa kudzuka ndipo anathamangira kusukulu. Atalowa m'kalasi, phokoso linadukiza. Aphunzitsi anali asanabwere.

Pa desiki yake panali patakhala mtsikana wina amene anzake ankamutchula kuti Wailesi, chifukwa nkhani ikafika m'makutu mwake sinkagona. Azakhali ake ankagulitsa m'sitolo ya utoto.

"Wabwera mtsogoleri wathu!" anatero Wailesi mokweza. "Bwera utithandize, tikukangana pano. Azakhali akuti dzulo achimwene ako anakhala pakhonde pa sitolo, maso ali psuu, akuyankhula okha. Akuti Lachitatu lililonse amapita kwa adokotala a mitu. Ena akuti ndi chamba, ena akuti mabuku awazungulitsa. Iwe umagona nawo nyumba imodzi. Tiuze zoona, apenga?"

Ena anaseka. Mnyamata wina kumbuyo anayamba kupuma mokokomeza, dzanja lili pamimba, kalasi yonse n'kufa nacho chikhakhali.

Mphenzi anatsegula pakamwa, koma asanatulutse mawu kuseka kunatha kokha. Onse ankayang'ana kukhomo.

Pamenepo panali pataima mchimwene wake, atanyamula buku la masamu limene Mphenzi anaiwala patebulo. Anali atamva zonse. Koma sanathawe. Anangoyang'ana mlongo wake, kudikira pamodzi ndi kalasi yonse kuti amve yankho lake.